Chaka Chimene Tinawotcha Nkhono

Chitini chija chinali cha mafuta ophikira, chopindika mbali imodzi, chogwirira chake waya amene ankadula zala ukachidzaza. Amayi anandipatsa mu Okutobala, nandiuza kuti, "Pita ukatole nkhono. Kukamwa usiye konkuno." Ankandidziwa mwana wawo. Lero ndimagulitsa kaunjika pa boma, ndipo amene ndinamugulitsapo jekete dzuwa likuswa mtengo angakuuzeni kuti lilime langali silinayambe dzulo.

Nkhonozo zinali za madrasa yathu. Inali nyumba yakalekale ya makoma ochindikala, moti mwana ankatha kugona pa zenera. Akuluakulu ankati isanakhale yophunziriramo Kurani, munkasungidwa katundu wa amalonda a minyanga. Khoma lake lakumadzulo linali litatupa, lili ndi mng'alu wolowa dzanja. Anyamata a kumzikiti ankafuna kuigwetsa amange ya simenti. Amalume, amene anali mmisiri womanga, anakana. Anapangana kuti mvula yoyamba ikagwa khomalo lisanachire, anyamatawo abwere ndi mapiki awo.

Amalume ankati simenti ndiye anadwalitsa khomalo. Zaka zam'mbuyomo anthu ofuna kuthandiza analimata simenti, pamene njerwa zake zinamangidwa ndi dothi. "Khoma lotere limapuma," ankatero. Simenti anatsekera chinyezi m'kati, njerwa n'kumafumbutuka osaoneka. Mankhwala ake anali laimu wowotcha kuchokera ku zigoba za nkhono, monga ankachitira omanga oyamba. Mudzi wonse unatsikira kunyanja. Ngakhale aphunzitsi a kusukulu ya mishoni, munthu wa tchalitchi weniweni, ankatulutsa kalasi yawo Lachitatu masana, mwana aliyense ndi thumba lake.

Ine kutola kunandikwana tsiku limodzi. Msana kuwawa, mchenga kuwotcha mapazi, fungo la nkhono zowola kukutsatira mpaka pa mphasa. M'mawa mwake ndinakhala pansi pa mango wakwathu n'kutsegula msika: bweretsa thumba la nkhono, utenge mango. Wina akati ndimuwonjezereko, ndinkamuyang'ana ngati watukwana amayi anga, n'kumukumbutsa kuti amenewa ndi a boloma, mango aakuluakulu aja. Thumba likabwera ndinkangolinyamula kuti ndimve kulemera kwake. Pofika sabata yachiwiri mulu wanga unaposa wa mwana aliyense, mapazi anga ali ouma. Aphunzitsi anandiimika pamaso pa anzanga ngati chitsanzo cha khama. Ndinaweramitsa mutu modzichepetsa, luso limene likundidyetsabe mpaka pano.

Anzanga aja sanali opusa. Tsiku lopakira uvuni wowotchera nkhonozo litayandikira, amalume anamasula matumba anga. Pamwamba nkhono, pansi miyala ndi mchenga, thumba lililonse. "Wamalonda," anatero, "wagula gombe lonse." Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anandibwezera chitini. Masiku otsalawo ndinatola ndi manja anga, waya uja akundidula zala.

Uvuni unayaka masiku awiri, nkhuni ndi nkhono mosanjikiza. Zigoba zinatuluka zoyera mbee, zofumbutuka ukazigwira. Atazikhuthulira m'dzenje n'kuthira madzi, dzenjelo linawira popanda moto, nthunzi yake yoluma m'maso. Amayi athu anandanda ndi ndowa kuchokera kunyanja, a mipango ya kumzikiti ndi a kwaya ya kutchalitchi mu mzere umodzi, akunenana kuti ndani akuyenda ngati mkwatibwi. Amuna ankagomola simenti pang'onopang'ono, n'kumachotsa njerwa zowola imodziimodzi. Kutsidya kwa nyanja mitambo inali itayamba kuda. Anyamata a mapiki aja ankabwera kudzaonerera ndi kuseka, koma sindikudziwa kuti linali tsiku liti pamene ndinawaona akuponda matope, mathalauza atapinda. Ndawona ntchito zambiri zachitukuko zobwera ndi zikwangwani ndi magalimoto. Yonga ija sindinaionenso.

Simenti womaliza atagwa, pa njerwa zina zam'munsi panaoneka mabowo anayianayi, a zala za amene anaziumba. Ndinayikamo zanga ndipo zinakwana bwinobwino. Amalume anaitana aphunzitsi. Anaima pamenepo nthawi yaitali, matope akuuma m'wilibala. Ndinamva aphunzitsi akunena chapansipansi kuti, "Agogo awo a mayi anga anafika kuno ali msinkhu womwewu. Kwawo sanakuonenso." Ine ndinaganiza kuti akukamba za ulendo chabe.

Khoma linamatidwa lonse, loyera lothobwa m'maso, kupatula malo aakulu ngati lichero, pa njerwa zija. Patapita masiku awiri mvula inagwa, yamkuntho, yosasula madenga a udzu. Madzi anangotsetsereka. Nyumbayo ilipo mpaka lero, ana akuimba alifu, ba, ta m'menemo, ndipo mlendo akandifunsa njira ndimasiya kaunjika ndi mnzanga n'kumuperekeza ndekha, osamugulitsa kanthu.

Koma malo osamatawo ankandivutitsa. Ndinkakhulupirira kuti laimu anaperewera chifukwa cha matumba anga a mchenga, ndipo mudzi wonse uziona manyazi anga pa khoma. Ndinapita kwa amalume kukawauza kuti ndikatolanso zitini zisanu, ulele, popanda mango. Anandionetsa mgolo kuseri kwa nyumba. Munali laimu wofika pakati.

Ndinauyang'ana mgolowo, ndinawayang'ana amalume. Mmisiri amene ankabwereza khoma lonse chifukwa cha njerwa imodzi yopendekeka, wasiya ntchito yosatha, laimu alipo. Sindinkadziwa kuti mwana wa zala zija anali kapolo, sanaumbe njerwazo mwa kufuna kwake, ndiponso kuti amene ankasunga makiyi a nyumbayo masiku amenewo anali agogo awo a amalume.