Gogo Wowomboledwa ndi Mchere

"Mkamwini iwe, unabwera kuno ndi njinga ndi kachikwama, lero ukuuza ana athu kuti ndi akapolo?"

Anakuwa choncho alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ataima pabwalo pomwe tinayanika mpunga. Mwinimbumba ndi iwowo. Ine ndinakwatira kwawoko, kwa Mwambo, ndipo zaka zonse zimene ndakhala pamudzipo sanatopepo kundikumbutsa kuti munda, nyumba ndi ana omwe, zonse n'zakuchikazi.

Nkhani inayamba chonchi. Mwana wanga woyamba, mtsikana, anali mu Sitandade 8. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi ndinkamukhazika pakhonde ndi ang'ono ake awiri n'kumawaphunzitsa hisitole. Ndinafika Folomu 4 ine, ndipo phunziro limeneli palibe ankandiposa. Mtsikanayo anatengera ine, mutu unalipo.

Tsiku lina tinafika pa malonda a akapolo. Mtsikanayo anandifunsa ngati ogulitsidwawo anali anthu enieni okhala ndi maina, kapena n'za m'buku chabe. Sabata yomweyo alamu anali atandinyoza pamaliro, amuna anzanga akumva, kuti ntchito ya mkamwini n'kulima ndi kubereka basi. Mtima unali usanaphwe. Ndiye ndinawauza anawo zimene ndinamva kwa mkulu wina wosoka maukonde ku Kachulu: gogo wamkazi amene anayambitsa mudzi wa amayi awo, yemwe alamu amamutchula ngati mfumukazi, anatayidwa m'mphepete mwa nyanja ndi ogula anthu chifukwa phazi linatupa, ndipo msodzi wina anamuwombola ndi dengu la mchere.

Mtsikana uja ndinamulembetsa nkhaniyi m'kope. Ndinawabwerezetsa onse katatu. Sindinganame, ndinkadziwa kuti mwana sangasunge nkhani yotere, ndipo ndinkafuna iwafike alamuwo.

Inawafikadi, koma inayamba yadzera kumjigo ndi kusukulu. Pofika Lachinayi ana a mbumba yonse ankatchedwa a dengu la mchere. Mwana wa mng'ono wake wa mkazi wanga anamenyana mpaka dzino kuguluka.

N'chifukwa chake alamu anali pabwalo panga masana amenewo. Ndinawayankha kuti munthu wolekezera Sitandade 3 asandiphunzitse zakale, ndipo ngati mcherewo ukuwawawa akadandaule kumanda. Ndinkayembekeza chibakera. Iwo anangotsitsa mawu. Anati mawa m'mawa mbumba isonkhana pakhomo pawo, ndikaime pamaso pa onse ndinene kuti ndinanama. Ndikakana, nditenge zanga ndibwerere kwathu kwa Kuntumanji, ana atsala. Mkazi wanga ankangotembenuza mpunga ndi phazi, osandiyang'ana.

Alamu atachoka mtsikana uja anabwera n'kugwada pafupi nane.

"Ababa, musadandaule. Ine ndikawauza amalume kuti n'zoona. Zonse zili m'kope, mmene munanenera."

Ndinamuuza akatunge madzi.

Ndinakhala pansi n'kuganiza. Kuchoka sindikanatha. Kwathu minda ili ndi alongo anga, ndipo ana atatuwa akanakula akumva kwa alamu kuti bambo awo anali ndani. Komanso mawu oti ndinanama, pamaso pa munthu ameneyo, pakamwa panga sakanatuluka. Ndinawayeserera ndekha kuseri kwa nkhokwe, anakana.

M'mawa mwake, mwanayo akusesa, ndinasolola kope lija m'chikwama chake n'kukaliponya m'chimbudzi. Kenako tinapita kwa alamu. Amayi a mbumba anali atakhala pamphasa, ana kumbuyo kwawo.

Ndinaimirira n'kunena kuti ine ndinaphunzitsa za akapolo monga zilili m'buku la sukulu, basi. Za phazi ndi za mchere, ndinatero, wapeka yekha mwana wanga wamkuluyu, ali ndi pakamwa ngati wailesi. Anathamangira kunyumba kukatenga kope. Tinamudikira. Anabwera chimanjamanja, akupuma mwabefu.

"Ababa, si inu munati ndilembe..."

Sindinamulole amalize. Ndinathyola nthambi ya malaina n'kumukwapula m'miyendo pamaso pa onse, ndikumufunsa kuti bodza analiphunzira kuti. Ang'ono ake, amene anamva zonse pakhonde paja, anangowerama. Sindinaleke mpaka alamu omwewo anandigwira mkono, akuti zakwana, ndi mwana.

Ndinamuuza apukute m'maso, akagwade kwa amalume ake apepese chifukwa chonyozetsa mtundu. Anapita, anagwada, anapepesa. Ine ndinatenga chikwakwa n'kutsikira kudambo kukamweta mpunga wotsala.