Dzina Limene Ndinamulanda Mwana

Dzina langa si la kuno. Ndinabadwira ku kampu ya othawa nkhondo ku Zambia, amayi atataya kale ana atatu. Anapempha sisitere wachizungu amene anawathandiza pobereka kuti andipatse dzina la kwawo ku Ayalandi, loti imfa isalidziwe. Titabwerera kwathu ku Chiputo palibe amene ankalitchula bwino, ngakhale aphunzitsi. Ine ndinkanyada nalo, moti nditabereka mwana wamkazi ndinamupatsa lomwelo, apongozi anga akuyang'ana kumbali.

Mvula itafika pachimake, mwanayo anayamba kulira. Sikunali kulira kwa njala. Ankalira mpaka kuuma, bere akulikana, thupi lili moto. Mitsinje inali itasefukira, njira ya ku chipatala itaduka.

"Mwanayu akukana dzina," anatero apongozi. "Kodi dzina lanulo limatanthauza chiyani?"

Moyo wanga wonse ndinali ndisanafunsepo.

Ndinakwera kaphiri komwe foni imagwira, mvula ikundimenya, n'kuimbira mlongo wanga wamng'ono amene amagwira ntchito ku Tete. Ndinamupempha andifufuzire tanthauzo la dzinalo, ndipo anafufuza pa foni yake.

"Achemwali, akuti ndi la chinenero chakale cha ku Ayalandi, Chigeliki. Limatanthauza munthu wachisoni."

"Wanama! Fufuzanso!"

"Ndi momwemo, achemwali."

Ndinamukwiyira sisitere uja, munthu woti mwina anafa kalekale. Kuwoloka nyanja zonsezo kudzandipatsa chisoni, ngati kuno tinkachisowa! Ndinatsika ndikuterereka m'matope, ndikulira ngati mwana.

Nditafika ndinamunyamula mwanayo n'kumunong'oneza m'khutu, "Ndalichotsa, mwanangu. Si lakonso. Yamwa tsopano."

Ndinapempha bambo ake kuti amutche lina, lililonse, msangamsanga. Iwo anati woyenera kutcha ndi azakhali a mwanayo, amene anali tsidya la mtsinje. Ndinagwada, ndinatukwana, ndinagwadanso. Anati tidikire madzi aphwe.

M'mawa mwake mwana analeka kulira. Apongozi anati, "Mwaona?" Nanenso ndinakhulupirira, mpaka ndinaseka. Osadziwa kuti zinali mphamvu zikutha.

Anamwalira alibe dzina, azakhali asanawoloke. Mpaka lero ndikafuna kumulira ndimasowa pomuitanira. Pakamwa pamangobwera lomwe ndinamulanda lija, ndipo odutsa m'mbali mwa munda wanga akandimva amayesa ndapenga, ndikudziitana ndekha.