Misozi ya Mayi Hellen Makwinja

Mayi Hellen Makwinja, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira ku Ulongwe ndipo anakulira pakhomo pa tchalitchi. Ali kamtsikana ankasesa, kutunga madzi a maluwa ndi kulira. Kulirako ndiye inali mphatso yawo. Pa Njira ya Mtanda, Yesu asanagwe n'koyamba komwe, iwo mpango unali utanyowa kale. Pamaliro ankayambira kumsewu, anamfedwa n'kukhutira kuti m'bale wawo waliridwa mokwanira.

Atakalamba, mtanda wawo unabwera mochititsa manyazi: chikhodzodzo chinasiya kumvera. A Zubairu a kabaza, amene ankawanyamula Lamulungu lililonse, anafika podziwa tchire lonse la m'njira. M'tchalitchi ankakhala pafupi ndi khomo. Chinkawapweteka n'chakuti nthawi yolandira Ukaristia inkawapeza ali kuseri, pobwerera n'kupeza Bambo Mfumu akupukuta chikho.

Kuchipatala ku Balaka anawapatsa mapiritsi. Chikhodzodzo chinagonja, koma mankhwalawo anaumitsa kukamwa ndi m'maso momwe. Maso ankawawa ngati mwalowa mchenga, mpaka adokotala anawawonjezera kabotolo ka mankhwala odontheza.

Kenaka anamwalira wapampando wa mphakati wathu wa kutchalitchi. Mayi Hellen anafika pasiwa, mawu anatuluka bwinobwino, koma msozi ayi. Ife azimayi, Mulungu atikhululukire, tinayamba kukodolana. Maso atayamba kuwawa, iwo anabisala m'chitenje n'kudontheza kabotolo kaja, ndipo wina anawaona. Pofika madzulo Ulongwe yense ankadziwa zoti Mayi Hellen amagula misozi ku Balaka.

Mwana wawo Tamandani anawachonderera. "Amayi, tiyeni tikapemphe adokotala akusiyitseni mapiritsiwa. Anthu akukunenani."

"Iyayi mwanawe, anene," anatero iwo. "Ambuye ndawalirira zaka zambiri ndili panja. Pano ndikufuna ndiziwalandira ndili m'kati."

Anasamukira pabenchi lakutsogolo ndipo Ukaristia sanauphonyenso. Miseche yathu anaisenza mwakachetechete. Amene anawayamikira anali a shehe okha, pamaliro a Fauziya, mayi wachisilamu amene anali mnzawo wapamtima wa Mayi Hellen. A shehe anauza azimayi kuti atengere chitsanzo cha mayi wachikhristuyu, wopirira osakhetsa msozi. Mayi Hellen anabwerako mtima uli wosweka, ndipo anandiuza kuti, "Fauziya ndamulira, kungoti zinagwera m'kati." Ndinachita manyazi kwambiri, poti wowaona pasiwa uja ndinali nditamuthandiza kufalitsa nkhani.

Anamwalira mwamtendere Lamulungu masana, atakhala pakhonde, atalandira Ambuye m'mawa wake. Kabotolo kaja tinakapeza atakamanga pansonga ya chitenje pamodzi ndi kolona.

Misa ya maliro awo inatalika zedi, poti Bambo Mfumu athu akayamba kulalika sadziwa pothera. Ambiri a ife okalamba tinapanikizika, tinasinthasintha kakhalidwe pabenchi, ena mpaka thukuta. Koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatuluka.