Chiwindi Chimene Emelina Anadikira

Mlamu wanga Emelina anali wogulitsa nsomba monga ine. Mwamuna wake Tobiyasi, mlongo wanga, ankaponya maukonde pa Zambezi kwathu kwa Mphuka, ife n'kumatumbula nsomba za pende, kuyanika ndi kumanga mitolo yopita nayo ku Lusaka. Anali mkazi waukhondo mpaka kutopetsa anzake. Tonse tinkanunkha nsomba, koma iye akatsika pa lole ankaoneka ngati mkazi wa aphunzitsi akuchokera kutchalitchi. Ndinkamuseka kuti, "Mlamu, nsomba zimagulidwa ndi duku kodi?" Iye n'kungoti munthu sapita kwa eni ake ali mbuu.

Chaka cha chilala chija cha '92 maso ake anasanduka achikasu, ndipo thupi linayamba kumuyabwa. Kuyabwa kwake sikunali kwa mphere. Ankati kukuchokera m'kati, ndipo ankadzikanda ndi chitsononkho mpaka magazi. Kuchipatala cha kwathu anayesa zawo, n'kumutumiza ku Lusaka. Ndinamuperekeza ndine.

Dotolo wa kumeneko anali munthu wabwino, ndipo sindidzamunenera zoipa. Anatenga nthawi kutifotokozera kuti timinjira timene ndulu imadutsamo m'chiwindi tikuuma ndi kutsekeka pang'onopang'ono, ndipo mapilitsi angothandiza kuyabwa, sangatsegule njirazo. Anati mwa ena matendawa akakhalitsa amabala khansa. Chothandiza n'kuikidwa chiwindi cha munthu wina, ndipo zimenezo zinkachitika ku Joni, osati kuno. Dotoloyo anali ndi anzake kumeneko, komanso anthu a mpingo wina amene akanathandiza wodwala mmodzi kapena awiri.

"Ndiye tipite liti?" ndinafunsa ine, poti pakamwa panga sipachedwa.

"Nthawi yake sinakwane," anatero dotolo. "Ziwindi n'zochepa, amapatsa amene wafookeratu. Opaleshoni yake ndi yoopsa, sitingaike munthu woyenda yekha pampeni. Komanso tikachedwa, khansa n'kulowa, sadzamupatsanso. Muzibwera ndizimuona. Akayamba kufooka ndidzalankhula nawo."

Mawu amenewo ndi amene anatimanga. Emelina anayenera kudwala kwambiri kuti amuthandize, koma osapitirira. Tinabwerera kwathu kukadikira kuti afooke.

Ndipo ankafookadi. Pankabwera masiku oti thupi latentha, akunjenjemera pamphasa dzuwa la kwathu ku Feira lili phwee, mkodzo uli bii, mimba itatupa. Koma munthu wotero mungamukweze bwanji pa lole? Inu amene simunayendepo msewu wochoka ku Boma kwathu kukafika pa Buliji, mlatho wa pa msewu waukulu wa ku Lusaka, musandiuze kanthu. Umakhala pamwamba pa mitolo ya nsomba, fumbi m'kamwa, mabampu akukuponya uku ndi uku, ndipo nthawi ya mvula lole ikatitimira mumagona pomwepo. Tobiyasi ankati, "Tikamunyamula chonchi atifera panjira. Ayambe wapezako mphamvu." Sindikanamutsutsa, chifukwa ankanena zoona.

Choncho tinkadikira. Kutentha kukatsika, iye n'kuyamba kudya ndi kuyenda, ndiye tinkanyamuka. Apa ukhondo wake uja unkabwerera. Ankasamba, kudzola mafuta pa zipsera zonse, kuvala bulauzi ya manja aatali, kumanga duku latsopano. Kwathu sitimaonekera pamaso pa munthu wamkulu tili onyozeka, ndipo munthu amene wakupatsa mankhwala sumuuza m'maso kuti mankhwala ake alephera. Ndi mwano umenewo.

"Mukumva bwanji, amayi?" ankafunsa dotolo.

"Ndiliko bwino, adotolo. Mankhwala aja akuthandiza."

Tsiku lina zinandikwana. Ndinati, "Adotolo, mwezi wathawu munthuyu sankatha n'kudzuka komwe." Emelina ananditsina pantchafu mpaka ndinaluma mlomo. Anamwetulira n'kunena kuti kanali kamalungo chabe. Dotolo anandimvera ndithu, anatenga magazi, koma magaziwo anali a munthu amene wachira kale. Anati adzabwere nthawi imene zamugwira, kuti aone ndi maso ake.

Titatuluka ndinamukalipira pakhonde pomwepo. "Mlamu, mukufuna kufa ndi ulemu?"

"Josefina," anatero motsitsa mawu, "bambo aja akuvutika nane kwaulere. Ndiwauze kuti akungotaya nthawi?"

Ndinakwiya, koma ndinamumvera chisoni kwambiri. Zaka zinapita motero. Akadwala sangayende, akayenda sakudwala. Anasiya kukonza za mtsogolo. Nyumba ya njerwa imene anayamba inathera pa mawindo. Mwana wake Tasila atapeza mwamuna wa ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje, Emelina anapempha kuti ukwati udikire mpaka iye atabwerako ku Joni, ndipo mtsikanayo anadikira mpaka mwamunayo anakwatira wina. Anthu pa doko ankamufunsa kuti, "Amake Tasila, ulendo uja uli pati?" Iye ankayankha kuti adotolo akuti posachedwa.

Mu '97, mvula itangotha, kudwala kunabwera kosafuna kuchoka. Anawonda mpaka mphete inkavuka yokha. Tinadikira kuti apezeko mphamvu monga kale, koma mphamvuzo sizinabwere. Pamenepo ndinauza Tobiyasi kuti, "Achimwene, kufera panjira ndi kufera pamphasa n'chimodzimodzi. Tiyeni." Tinayala matiresi pamwamba pa mitolo, ine n'kumugoneka mutu pamiyendo panga, Tobiyasi atagwira chitenje kumutchingira dzuwa. Ulendo umenewo sanasambe, sanadzole. Duku anapempha, koma analibe mphamvu zolimangira, ndinamumanga ndine.

Dotolo wathu uja atamuona anasiya zimene ankachita. Anamugoneka m'chipatala, anamuunika ndi makina, n'kutiitana ine ndi Tobiyasi pafupi ndi bedi. Anati mu njira ya ndulu mwamera chotupa, ndipo chafalikira kale. Ku Joni sakanamulandiranso, chifukwa khansa ikanadya ndi chiwindi chatsopanocho. Ndinaona kuti nayenso zamupweteka, ndipo ndinasowa woti ndimukwiyire.

Anagwira dzanja la Emelina n'kufunsa, osati mokalipa, "Amayi, izi sizinayambe dzulo. Zikamakugwirani chonchi, bwanji simunkabwera?"

Ndinadikira kuti anene kuti aliko bwino, monga mwa masiku onse. Anayang'ana dotolo ndi maso ake achikasu aja.

"Ndinkadwala, adotolo," anatero Emelina.

Tinabwerera naye pa lole yomweyo, itatsitsa nsomba. Ulendo uno anagona pansi m'lolemo, osati pamwamba pa mitolo, ndipo sanafunsenso za tsiku lobwerera ku Lusaka.