Nyimbo Yokhota ya Abambo

Maikolofoni ya amalume inkavala sokosi. Inali sokosi yaubweya, yofiirira, yobooka pachidendene, ndipo eni ake ankati imatchinga mphepo yochokera kuphiri kuti isamalowe m'makina. Mpaka lero ndimaionabe itakolekedwa pa nthambi ya mango kuseri kwa nyumba yathu, ikugwedezeka pang'onopang'ono. Chilimwe chonse chija inaloza zinthu zambiri pamudzi pathu, koma ine sinandiloze.

Ndinali ndisanamalize pulayimale, ndipo ndinali ndi mawu. Sindikunena modzitama, chifukwa mawuwo anandithawa kalekale. Koma nthawi imeneyo aphunzitsi a Sande sukulu ankandiimika kutsogolo kwa mpingo, ndipo ndikayamba kuimba amayi ankasiya kusisita mwana wa mnzawo n'kutembenuka. Kutembenuka kumeneko ndiye kunali chuma changa. Ndinkakhulupirira kuti panyumba pathu woimba ndine, ndi kuti khutu la amayi ndi langa.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Ankaimba gitala m'bandi ina ku Blantyre, ya nyimbo zaphokoso zija ankazitcha roko, ndipo anyamata a pa Mbulumbuzi ankawanyadira ngati kuti gitalayo anachita kusonkherana. Makaseti a bandiyo ankalira pagolosale, pa okonza njinga, m'maminibasi opita ku Limbe. Gitala ya amalume ikafika pokuwa, anyamata ankapinda msana n'kumakanda mpweya ndi zala. Kutchalitchi nkhani ya amalume sinkakambidwa, koma madikoni omwe ankazidziwa nyimbozo.

Nandolo atayamba kuuma, amalume anatulukira ndi chikwama, gitala ndi makina ojambulira mawu. Anauza amayi kuti asiyana nayo bandi, kuti atopa kukuwa, ndipo akufuna kupanga kaseti yawoyawo ya zinthu zimene anakula akumva. Ine nditamva izi sindinakayike. Ndinayamba kumwa madzi ofunda m'mawa uliwonse monga ankatilangizira aphunzitsi, ndinasiya nzimbe ndi mtedza wokazinga, ndipo popita kumjigo ndinkayeserera nyimbo zanga zonse. Ndinkadikira kuitanidwa.

Amalume anajambula lichero la amayi akupeta. Anajambula chitsulo cha gudumu la galimoto chimene tinkaimba ngati belu la tchalitchi. Tsiku lina masana anagona chafufumimba m'munda kwa nthawi yaitali, akujambula makoko a nandolo akuthetheka padzuwa. Ine ndinkawazungulira ngati nkhuku pamtondo, ndikuimba chapansipansi kuti andimve. Iwo ankangokweza chala. "Takhala chete pang'ono, mphwanga." Mawu amenewa ndinawamva kambiri chaka chimenecho kuposa dzina langa.

Abambo anali mkamwini pamudzi pathu. Kwawo kunali cha ku Magomero. Anali munthu wofatsa, wosakonda kuonekera, ndipo kuimba kunawakana. Kutchalitchi ankangogwedeza milomo. Koma akakhala okha pantchito ankang'ung'uza, ndipo nyimbo yake inali imodzi yokhayokha, ya m'buku la mpingo, imene ine ndinkaiimba bwino kuposa ana onse. Abambo ankaikhotetsa. Pofunika kutsika ankakwera. Pakati pa mzere wachiwiri ankaima, n'kukonza kukhosi, n'kupitiriza mochedwa, pamalo omwewo nthawi zonse.

M'mawa wina anali kupuntha nandolo kuseri kwa nyumba, ndodo ikugwa pa mulu, fumbi la makoko likuyabwa m'mphuno. Amalume anafika monyang'ama n'kukoleka maikolofoni pamango paja. Abambo ataiona anasiya.

"Alamu, musasiye," anatero amalume.

"Alamu, mukufuna anthu akubwezereni makaseti?"

Anaseka onse awiri, ndodo inayambiranso. Ine ndinathamangira kukhitchini, ndipo ndili kumeneko ndinaiyamba nyimbo yomweyo mokweza, moongoka, kuti amalume amve kusiyana kwake. Anamvadi. Anabwera, anandisisita kumutu, n'kundituma mabatire ku Mbulumbuzi. Pobwera ndinapeza nandolo ali m'thumba, makina atatsekedwa, ndipo amuna awiriwo akudya chinangwa pakhonde ngati anthu amene amaliza ntchito yaikulu.

Ndakhala ndikuganiza ngati amalume anandilakwira. Sindikuona choncho. Munthu akamafuna nsungwi sadula mlombwa, ngakhale utawongoka bwanji. Koma mwana sadziwa zimenezo. Chimene ndinkadziwa n'chakuti anasankha abambo, munthu wosatha kuimba, ine ndilipo.

Kaseti inatuluka kutentha kutafika pachimake, mvula isanagwe. Tsiku limene inafika pagolosale, anthu anadzaza mpaka kumsewu. Mwini golosale anaiika m'wailesi yake yaikulu, onse anakhala chete kudikira gitala. Kunamveka lichero. Anadikirabe. Lichero linapitirira, kenako nkhunda, kenako chitsulo cha tchalitchi chikulira patali. Mwini golosale anaimenya wailesi m'mbali, anatulutsa kaseti, anapukuta m'kati ndi thonje, n'kuibwezeramo. Lichero lomwelo. Gitala inabwera pambuyo pake, koma inkayenda mwakachetechete ngati mlendo amene wapeza anthu akupemphera.

Atatembenuza kasetiyo kunali nyimbo imodzi yaitali. Ndodo pa nandolo, kung'ung'uza kwa abambo, ndi gitala ya amalume ikuwatsatira m'mbuyo. Abambo akakhota, gitala inkakhota nawo. Abambo akaima kuti akonze kukhosi, gitala inkaima n'kuwadikira.

Sindinaonepo anthu akukwiyira nyimbo ngati tsiku limenelo. Wokonza njinga anati chamba cha m'tauni chawatha amalume. Mayi wina wogulitsa tomato anati lichero ali nalo kunyumba, ndipo amalimva ulere. Kondakitala wa minibasi anati akaiika imeneyo dalaivala agona pachiwongolero asanafike pa Njuli. Ena ankati amalume awalodza anzawo a m'bandi. Ena ankati alapa, ndipo kulapako kwawaonongera zala. Mnyamata wina amene ankasunga tsitsi ngati la amalume anakameta tsiku lomwelo. Kutchalitchi, madikoni anadandaula kuti nyimbo ya Mulungu yaikidwa pamodzi ndi gitala ya m'mabala, koma ena anayankha kuti mmene yaimbidwiramo palibe angaizindikire, choncho nkhaniyo inathera m'kuseka.

Amene anaikira kumbuyo kasetiyo anali aphunzitsi athu a kusukulu, amene anali ndi makaseti onse a bandi ija. Ankaima pagolosale njinga ili m'manja n'kumafotokoza kuti makutu nawonso amafunika kuphunzitsidwa, kuti amalume asiya kutengera za kunja ndipo ayamba kuimba za kwathu. Anyamata ankawayankha kuti ngati za kwathu ndi zimenezo, ndiye kuti mbuzi nazonso zikapange kaseti. Mkangano umenewu unatha masabata.

Ine ndinkaimirira kumbuyo kwa gulu, mtima ukukoma. Wina aliyense akanyoza, ndinkamva ngati wandipatsa suwiti. Mumtima ndinkati, akanandijambula ine bwenzi anthuwa akuvina. Ndinkadikira tsiku limene amalume adzabwere kudzavomereza kuti anasankha molakwa, amayi ali pomwepo akumva.

Tsikulo silinafike. M'malo mwake kunyozako kunasanduka kutchuka. Abambo akamadutsa pa Mbulumbuzi panjinga, anyamata ankayamba kung'ung'uza onse pamodzi, n'kuima pamalo paja, n'kukonza kukhosi. Abambo ankavula chipewa n'kuwaweramira, osatsika panjinga. Ana a sukulu ankandifunsa ngati wobuula uja alidi abambo anga. Loweruka lina aphunzitsi a kusukulu aja anabwera kwathu ndi anyamata awiri a kukoleji ochokera m'tauni, amene anati kasetiyo amaimvera tsiku lililonse ndipo akufuna kugwira dzanja la munthu wa m'nyimbo ija. Ine anangondifunsa kumene abambo ali. Abambo anali atazembera kudimba, ndipo alendowo anawapeza kumeneko. Abambo anangowathira nandolo m'jumbo. Ndinawaperekeza alendowo mpaka kumsewu ndikuimba njira yonse. Mmodzi anati, "Mwanayu ali ndi mawu," n'kupitiriza kukamba za abambo.

Amayi poyamba ankaiseka kasetiyo. Ankati, "Achimwene, mwandiyalutsira mwamuna dziko lonse." Koma ankanena akumwetulira, ndipo madzulo ena ndinawamva akuwanyengerera abambo kuti ang'ung'uze pang'ono, abambo akukana mwamanyazi. Ine sanandipemphepo kuti ndiimbe panyumba. Zimenezi ndinazisunga.

Mvula inagwa, tinadzala. Chimanga chisanafike m'mawondo abambo anadwala chifuwa ndi kutentha thupi, ndipo matendawo sanachedwe nawo. Anamwalira kupalira kusanathe. Monga mwa mwambo, mkamwini amakagona kwawo, choncho tinawanyamula kupita nawo ku Magomero, ulendo umene amayi sakanatha kumayenda kawirikawiri. Titameta, abale awo a abambo anabwera kudzasudzula amayi, kuwamasula ku ukwati, ndipo anatenga katundu wa m'bale wawo: njinga, jekete la kutchalitchi, chipewa, khasu, Baibulo. Sanachite mwano. Anakhala pamphasa mwaulemu, amalume ali pambali pa amayi monga mwinimbumba, ndipo chinthu chilichonse chinaperekedwa ndi manja awiri. Koma atachoka, msomali wa kuseri kwa chitseko, pamene abambo ankakoleka jekete ndi chipewa, unatsala wopanda kanthu, ndipo m'nyumba monse munalibenso chinthu chonunkhira abambo.

Nthawi imeneyo anthu a pa Mbulumbuzi anali ataiwala kale za kasetiyo. Bandi ija inapeza woimba gitala wina, phokoso linabwerera pagolosale, ndipo ambiri amene anagula kaseti ya amalume anajambulirapo nyimbo zina pamwamba. Amalume pobwerera kutauni anasiyira amayi kawailesi kawo kakang'ono ndi kaseti imodzi.

Kuyambira pamenepo, amayi akaweruka kumunda ankakhala pakhonde, matope ali kumapazi, kawailesi kali pamiyendo. Sankamvera mbali ya lichero. Nyimbo yaitali ija ikatha, ankatulutsa kaseti n'kuibweza m'mbuyo ndi bolopeni yanga ya kusukulu kuti asathe mabatire, kenako n'kuiyambanso. Ndikawauza kuti madzi ndatunga, sankandimva. Ndikabwera ndi nkhani ya kusukulu, ankagwedeza mutu maso ali pa kawailesi. Abambo ndinkawalira, ndinkawasowa kwambiri, makamaka m'mawa. Komabe nsanje ija sinafe nawo. Ndinkaona kuti ngakhale ali m'manda akundilandabe khutu la amayi, ndi nyimbo imene sankaitha n'komwe.

Masana ena mabatire anafooka nyimbo ili pakati. Mawu a abambo anayamba kukoka, kunenepa, mpaka anazima. Amayi anatulutsa mabatirewo n'kuwayanika padzuwa pamwala, monga tinkachitira kuti abwezeko mphamvu, ndipo anakhala manja ali pamiyendo. Ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinaima patsogolo pawo monga ndinkaimira kutchalitchi, mapazi pamodzi, manja kumbuyo, ndipo ndinaiimba nyimboyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Sindinaphonye paliponse. Ndikukhulupirira kuti sindinaimbeponso bwino chotero moyo wanga wonse.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Waimba bwino, mwanangu," anatero. "Koma paja pa mzere wachiwiri abambo ako ankaima kaye. Tayesa kuima."

Ndinawauza kuti pamenepo saimapo, kuti aphunzitsi a Sande sukulu amati mzerewo umapita ndi mpweya umodzi, kuti abambo ankalakwitsa.

"Eya," anatero amayi. "Ankalakwitsa."

Sanandikalipire. Anadzuka, anapita pamwala paja, anatembenuza mabatire kuti mbali inayo iwombedwenso ndi dzuwa, n'kukhala pambali pake kuwadikira.

Mkazi wanga, amene Ambuye anamutenga zaka zingapo zapitazo, ankayamba ndime yachiwiri ya nyimbo iliyonse anzake asanayambe. Ndinkamugwira pachigongono kuti adikire, iye n'kumaseka. Masiku ano mpingo wonse umayamba pamodzi, mwadongosolo, ndipo ine ndimapezeka nditatchera khutu kumanzere kwanga kumene iye ankaima, pa kanthawi kochepa kaja anthu asanatsegule pakamwa.

Koma tsiku lija ndinali mwana. Ndinapita kuseri kwa nyumba n'kukhala pansi nditaphimba kumaso ndi manja, ndikulira ndi ukali. Ndinali nditawapatsa amayi nyimbo yathunthu, yoongoka, yopanda chilema, iwo n'kusankha kudikira padzuwa yokhota ija. Ndinaganiza kuti mwina sanamve bwino, kuti mawa ndidzaiimbanso mokweza kuposa apo. Sindinkatha kumvetsa kuti munthu angafune chiyani pamalo pamene nyimbo yaima.