Thobwa la Apongozi Tsiku la Opaleshoni

Opaleshoni yochotsa chotupa m'mimba mwanga ndinaiyembekezera miyezi inayi, ndikutaya magazi mpaka khasu kundilemera. Nditagonekedwa m'chipatala, anamwino anandiuza kawiri konse kuti kuyambira pakati pa usiku ndisadye kapena kumwa kanthu, n'kumata pepala lonena zomwezo kumutu kwa bedi.

M'mawa mwake anatulukira apongozi anga aakazi, kudzandidikirira poti amayi anga anatisiya kalekale. Apongoziwo anachoka ku Milepa pa kabaza, chigubu cha thobwa atachifungatira ngati khanda. Pepala lija analiyang'ana ndithu, koma sukulu sanaipondeko.

Kwathu munthu sanyamuka ulendo m'mimba muli pululu, ndipo kwa apongozi opaleshoni inali ulendo womwe ena sabwerako. Ndinayesa kunena kuti achipatala aletsa. Anandifunsa ngati achipatalawo akufuna ndikakomoke ndi njala mpeni usanandikhudze. Kenako anatsanulira thobwa m'kapu, nagwada pasimenti, n'kundipatsa ndi manja awiri. Munthu wa imvi kugwadira ine! Pakamwa panga sipauma, ndimayankha ngakhale amuna anga, koma chopereka apongozi ndinali ndisanakanepo. Ndinamwa theka la kapu.

Posakhalitsa anafika adokotala amene amagonetsa odwala tulo ndi mankhwala. Anandimvetsera pachifuwa, nandiyasamitsa, n'kufunsa za mano ogwedera, za mphumu, za zitsamba. Pomaliza anafunsa ngati ndalawa kanthu chigonereni.

Kuvomera kunali kuyalutsa apongozi pamaso pa wodi yonse, komanso kutaya tsiku langa. Ndinapukusa mutu.

Adokotalawo analemba, koma sanachoke msanga. Anafotokoza mofatsa, ngati momwe amauzira aliyense, kuti munthu akagonetsedwa sathanso kutsokomola, ndiye za m'mimba zikabwerera kukhosi zimalowa m'mapapo, ndipo ena sadzukanso. Ndinachita mantha osasimbika, komabe sindinaulule. Uchitsiru wake ndimauona lero. Anamwino anali atafika kale ndi bedi lamatayala.

“Adokotala, pepani,” anatero apongozi. “Mwanayu wamwa thobwa. Ndam'mwetsa ndine, iye amakana.”

Wodi yonse inacheuka. Mayi wa bedi loyandikana anatsonya. Adokotala sanakalipe, anangofunsa nthawi yomwe ndinamwa ndi kuchuluka kwake, n'kufufuta dzina langa pamndandanda wa opaleshoni. Odikira mpeni anali ambiri tsikulo, choncho ine anandikankhira ku sabata inayo.

Ndisaname, ndinapsa mtima. Ndinatembenukira kukhoma n'kulira, ndipo apongozi sindinawalankhule masiku awiri athunthu. Iwo ankangochapa zitenje zanga zamagazi, osadandaula.

Tsiku la opaleshoni litakwananso, apongozi anakhala pansi pafupi ndi bedi, chigubu chili pakati pa miyendo, chomanga kukamwa ndi luzi. Aliyense wodutsa ndi mbale ankamuthamangitsa ndi maso.

Nditatsitsimuka madzulo, kukhosi kuli gwa, nkhope yoyamba kuiona inali yawo, milomo itachita kung'aluka. Mayi wotsonya uja ndiye anandinong'oneza kuti kuyambira dzulo lake agogowo sanalawe ngakhale dontho la madzi, ati sangadye mwana wawo ali paulendo ndi njala.