Khobidi Lobenthuka la Mayi a Mapasa

Mayi a Mapasa anakwatiwa ndi wokonza mawotchi akadali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo malo awo anali kuseri kwa kauntala, pakampando kogwedera pafupi ndi ketulo. Ntchito yawo inali kusesa, kupukuta magalasi, kusoka malamba a mawotchi ndi kutseka pakamwa. Yomalizayi ndiyo ankaigwira tsiku lonse.

Mwamunayo anthu ankamutcha Chidiso, chifukwa cha kagalasi kokulitsa zinthu kamene sikankachoka padiso lake. Mafoni atabwera, mawotchi anatha malonda, koma iye anali ndi luso lina. Alipo anthu osonkhanitsa makobidi amene anatuluka olakwika kufakitale yosulira ndalama, ndipo limodzi lotere amaligula mtengo wabwino. Ndiye aliyense wotola khobidi lopindika ankathamangira kwa Chidiso kuti amve ngati walemera.

Luso analidi nalo, tisamunamizire. Koma mtima, abale, unali wa mwala. Ankati akayang'ana kamodzi, n'kulankhula mokweza kuti ndi apamsewu omwe amve.

"Ili linapondedwa ndi galimoto. Ili linagwera mu asidi wa batire. Ili mwapala nokha ndi tupa, taonani chitsulo chatukuka m'mbali mwa mzerewu. Makina a kufakitale sakanda, achimwene, amadinda."

Akatero ankatenga hamala n'kukhomera khobidilo ndi msomali pathabwa la pakhoma, mwiniwake ali chiimire, anthu akufa nazo nseko. Thabwalo ankati ndi sukulu ya zitsiru.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi Mayi a Mapasa ankamva zonsezi ali pakampando paja. Khutu salitseka ndi loko. Anadziwa zilembo zodindidwa kawiri, anadziwa chithunzi chogwera kumbali, anadziwa chilonda cha pulayala. Sankasirira ndalama za osonkhanitsa aja ayi. Chimene ankachilakalaka n'chakuti bamboyo adzanene kamodzi kokha kuti, "Wakhoza." Sananene pamene anabereka mapasa, sananenenso pamene anamudwazika miyezi inayi sitolo osatseka.

Tsiku lina akugula sopo kugolosale, mu chenji munatuluka khobidi lobenthuka mbali imodzi, ngati bisiketi yolumidwa ndi mwana. Analimanga pakampango masiku atatu. Bamboyo atapita kokameta, anabwereka kagalasi kaja. Pobenthukapo sipankanyezimira ngati podula ndi chitsulo. Zilembo zoyandikira pamenepo zinkazilala pang'onopang'ono. Ndipo mbali inayo, moyang'anizana ndi pobenthukapo, mkombero unali wophwatalala, wosadzuka bwino. Chidiso mwini ankanena kuti chizindikiro chimenechi wakuba sangachipange. Ataona zimenezi anakhala pansi.

Pamene analakwitsa m'pamodzi. Analitulutsa Loweruka masana, m'sitolo muli telala, wometa ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene ankakonda kudzacheza.

"Bambo a Mapasa, taonani ili. Ndi lenileni."

Chidiso sanatukule n'komwe mutu. "Pulayala imeneyo. Kaphike tiyi."

Amuna aja anaseka. Tsiku lina lililonse mayiwo akanapita kuketulo, koma tsikulo miyendo inakana. Anaika khobidilo pakauntala n'kufotokoza zonse, za zilembo, za mkombero, osaphonya n'chimodzi chomwe. Mphunzitsi uja anawerama, nalitembenuza ndi chala.

"Zikumveka zimene akunena alamuwa, achimwene. Taliyang'anani."

Chidiso anavala kagalasi. Anayang'ana pobenthuka, natembenuza, nayang'ana mbali inayo, nabwereranso. Mayi a Mapasa ankamudziwa mwamuna wawo. Chidiso akaona chenicheni ankasiya kupuma, n'kunyambita mlomo wam'munsi. Anamuona akunyambita. Mwachimwemwe, anagwira kauntala kudikira mawu aja.

"Pulayala," anatero Chidiso. "Ndipatse hamala."

"Bambo..."

"Ndati hamala. Ili pansi pa shelefu."

Mayiwo anakaitenga okha, ndi manja awo. Msomali unalowa Chidiso atamenya kachitatu, pakati penipeni pa khobidilo, ndipo linapindika ngati chivindikiro cha botolo. Telala ndi wometa anaseka poti anazolowera kuseka. Wometa anawonjezera kuti alamu akhala kalasi yoyamba pasukulu ya zitsiru. Mphunzitsi anatola chipewa chake natuluka osatsanzika.

Anthu atabalalika, Chidiso anabwerera pa wotchi imene ankakonza. Anakhala nthawi akupotokola kasikuluu kamodzimodzi. Kenaka analankhula chapansipansi, osawayang'ana.

"Linali lenileni. Zaka makumi atatu ndakhala ndikusaka lotere, sindinaligwirepo."

Mayi a Mapasa anayang'ana pathabwa. Misozi sinabwere.

"Nanga mwalikhomeranji?"

"Wandikhometsa ndiwe. Ukanandipatsira kuseri, Lolemba ndikanauza anthu kuti ndalipeza ndekha."

Kenaka anawauza kuti asese tizinyenyeswa ta thabwa timene tinagwera pansi, makasitomala angaponde. Anatenga tsache nasesa.